Mwana wa Giredi Sikisi ndi Wakuba Njinga

Ndimaphunzitsa giredi sikisi pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Kafue, ndipo pali phunziro limodzi limene mpaka lero sindidziwa ngati ndinaliphunzitsa bwino kapena ndinalakwitsa.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. M'kalasi mwanga munali ana a anthu ogwira ntchito ku fakitale ya feteleza, ana a alimi a ku Shimabala, ndi ena amene makolo awo amagulitsa nsomba za ku Chanyanya. Lachitatu limenelo tinkaphunzira za chifundo ndi kulimba mtima. Ndinawauza ana kuti chisoni cha mumtima chokha sichipulumutsa munthu, ndipo wachifundo weniweni amaimirira ngakhale anzake onse atakhala pansi. Ndinalankhula mokoma, mpaka ndinadzigomera ndekha. Ana anakopera m'makope, belu linalira, tinaweruka.

Pafupi ndi zenera pankakhala mtsikana wina wa zaka khumi ndi ziwiri, wamfupi, wosalankhulalankhula. Amayi ake anali ndi tebulo la nsomba zouma pamsika. Sindikumbuka kuti tsikulo anakweza mkono.

Lachisanu masana ndinadzera pamsika kukagula ndiwo. Ndili mkati mosankha matimati ndinamva anthu akukuwa kuti wakuba, wakuba, ena akuti kawalala. Onse anathamangira kumene amaimika njinga, nanenso ndinatsatira. Anali atagwira bambo wina woonda, wa malaya ong'ambika, amene ankati anafuna kuthawa ndi njinga ya wogulitsa makala. Pofika ine n'kuti atamugwetsa kale. Ena ankamuponda, ndipo mwamuna wina wamphamvu ankamukwapula ndi thabwa limene anazula patebulo.

Ine ndinangoima. Mumtima ndinkati apolisi afika posachedwa. Ndinkatinso ndine mzimayi, ndingatani pakati pa amuna olusa chonchi. Maganizo onsewo anali omveka, ndipo onse ankandiuza kuti ndisasunthe.

Kenako ndinaona yunifomu ya sukulu yathu ikudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Anali mtsikana wa pazenera uja. Anagwada pamutu pa bamboyo, n'kumuphimba nkhope ndi chikwama chake cha makope.

"Lekani! Muzamupaya!" anakuwa.

Thabwa linali litanyamuka kale, ndipo linagwera pamkono pa mwanayo. Wolikwapula uja anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto.

"Iwe mwana, choka apo!"

"Sinichoka."

Ndipo sanachokedi. Anthu anayamba kuyang'anana. Kumenya wakuba ankakudziwa, koma mwana wasukulu akutuluka magazi sanadziwe chochita naye. Mkwiyo unazirala pang'onopang'ono mpaka apolisi anafika n'kumunyamula bamboyo. Mtsikanayo podzuka maso athu anakumana. Anandipatsa moni ngati tili pageti pa sukulu: "Ba Madamu." Ine ndinali nditafinya matimati awiri m'manja osadziwa, madzi ake akuyenderera pa siketi.

Lolemba m'mawa amayi ake anabwera naye kusukulu, mkono uli m'bandeji. Sanapite kwa ahedi, analunjika pakhomo pa kalasi yanga.

"Ba Madamu, ndimwe munauza mwana wanga ati azingena pa ndeu ya akuluakulu?"

Ndinayankha kuti sindinatanthauze zimenezo.

"Manje munatanthauza chani?"

Nanenso ndinadzifunsa mumtima. Ndinkatanthauza chiyani? Kuti aziimirira pokhapokha pamene palibe thabwa? Kuti adikire akule kaye? Ine wamkulune ndinali pomwepo.

Amayiwo anapitiriza, osakweza mawu. Anati bambo uja ndi wakuba ndithu, ndipo chaka chatha anawabera iwo omwe thumba la tinsomba ta kapenta. Anati anzawo a pamsika ayamba kuwaseka kuti anabereka loya wa akawalala, ndipo wogulitsa makala uja sakuwayankhanso moni.

"Thabwa lija likanagwa pamutu, mukananibwezera chani? Choko?" Anandiyang'ana. "Ati naimwe munalipo."

"Ndinalipo, mayi."

Anakonza kolala ya mwana wawo, n'kumapita.

Ahedi atamva nkhaniyi anakondwa kwambiri. Anati mwanayo aimirire kutsogolo pa asembule kuti sukulu yonse imuwombere m'manja, ndipo ine ndinene mawu ochepa monga mphunzitsi amene anabzala mbewuyo. Aphunzitsi anzanga anagawanika. Ena ankati mwanayo ndi ngwazi. Mphunzitsi wa masamu anati tikamutama, mawa ana khumi adzathamangira pa ndeu ya pamsika ndipo mmodzi sadzabwerako. Ndinkamvetsera uyu n'kuvomera, kumvetsera uyo n'kuvomeranso.

Pa buleki ndinamuitana mtsikanayo. Tinakhala awiri m'kalasi, anzake akusewera panja. Ndinamuuza za asembule, iye anapukusa mutu mwamphamvu.

"Chonde ba Madamu, sinifuna."

"Chifukwa?"

Anayang'ana pansi. Kenako ananong'ona kuti pamene anagwada paja anadzikodzera ndi mantha, ndipo anyamata awiri a giredi seveni anaona. Akaimirira kutsogolo, iwowo akaseka.

Ndinamufunsa chimene chinamulowetsa pakati pa anthu aja. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkafuna anene kuti ndi phunziro langa, mbali ina inkapemphera kuti asatero.

"Uja bambo ananiyang'ana," anatero. "Anali kuyang'ana aliyense, manje anafika pa ine. Chabe."

"Unkadziwa kuti anabera amayi ako?"

"Ee, ninamuziba."

Kenako iye ndiye anandifunsa. "Imwe munaopa, ba Madamu?"

"Ndinaopa."

Anagwedeza mutu ngati ndayankha bwino funso la pa mayeso, n'kupempha kuti apite akadye chimanga chake buleki isanathe. Sanandiweruze, ndipo zimenezo zinandisokoneza kuposa mawu a amayi ake. Ndinapita kwa ahedi kukawapempha kuti za asembule zilekeke. Sanamvetse, ndipo sindinawauze chifukwa chake.

Mkono unapola, unangotsala ndi chipsera pafupi ndi chigongono. Mtsikanayo anakhoza mayeso a giredi seveni, pano ali ku sekondale. Amayi ake anasamutsa tebulo lawo kupita mbali ina ya msika, kufupi ndi pokwerera mabasi, ndipo ine ndimagulabe nsomba kwa iwo. Kwa nthawi yaitali tinkangopatsana moni, nkhani ija osaikhudza.

Tsiku lina akundikulungira nsomba m'pepala anayamba okha. Anati bambo wakuba uja anatuluka m'ndende, ndipo m'mawa wina anangotulukira pamene iwo ankatsitsa katundu wochokera kumtsinje. Sanapereke moni. Anangosenza thumba lalikulu la nsomba n'kuyamba kuyenda nalo molunjika ku tebulo lawo.

"Munatani?" ndinafunsa.

"Ninamukonka kumbuyo, maso pa thumba. Ninali kuganiza ati azathaba nalo."

"Ndiye?"

"Anafikitsa. Anaika pansi, anayenda." Anamanga pepala lija ndi kachingwe n'kundipatsa. "Koma nikamuonanso nizamuyang'anira chimodzimodzi."