Ng'ombe ya Apongozi pa Geti

Linali Lachinayi loyamba la Juni, 15 koloko masana, pamene apongozi anga aamuna anafika ndi ng'ombe yao pa geti ya chionetselo.

Ntchitoyo ndinali nditangoiyamba. Gulu la alimi a ng'ombe za mkaka ku Petauke linanditenga kuti ndizithandiza kukonza zionetselo, ngakhale sukulu ndinalekela giledi seveni. Ng'ombe zinkafika tsiku limenelo kuti zigone m'makola, oweluza adzazione Lachisanu. Ine ndinkawelenga nambala ya pakhutu, kuilemba m'buku, ndi kuonetsetsa kuti iliyonse yaponda m'madzi a mankhwala isanalowe. Adokotala a ziweto, mzimai wamtali wosakonda kuseka, anali atapita ku Nyimba kukapima ng'ombe zobwela m'mawa mwake. Ponyamuka anandiuza kuti, "Mukaona yotuluka dovu kapena yotsimphina, isalowe. Ngakhale ikhale ya abusa a kutchalitchi kwanu."

Ng'ombe ya apongozi inali yofiilila, ya bele lalikulu, yomwe tonse pakhomo tinkamwa mkaka wake. Inkaponda ngati pansi pali minga. Dovu linkalendewela kukamwa ngati ulusi, ndipo milomo inkalila ngati ya munthu woyamwa nzimbe. Adokotala anali atationetsa zithunzi za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ndinkadziwa kuti akalowa m'khola limodzi, amayenda m'makola onse.

Zaka zitatu m'banja, ndinali ndisanawayang'anepo apongozi kumaso. Kwathu sititelo. Tikakumana panjila, ndimapatuka n'kugwada m'udzu. Akafuna kundiuza kanthu, amalankhula ndi mwana amene ndabeleka kumbuyo.

"Iwe kamdala," anatelo kwa mwana wanga wa miyezi isanu ndi itatu, "uza amako atsegule. Dzuwa latiwamba."

Ndinagwada, buku lili m'manja. "Auze agogo kuti ng'ombe ikuoneka ngati siili bwino," ndinanong'ona.

"Auze kuti yatopa ndi ulendo. Ng'ombe ndinayamba kuweta iwo asanamele mano."

Azibambo amene anali pamzele anaseka. Wina wa ku Sasare anati, "Amai a pa geti, mutsegula, kapena tidikile kamwanako kasaine?"

Ndinatsegula.

Ng'ombeyo inalunjika pa chomwela chachikulu chapakati. Inaviika mlomo, osamwa kwenikweni, n'kusiya thovu likuyandama. Pambuyo pake zinabwela zina, imodziimodzi. Ndinaima pa geti n'kumaziyang'ana zikumwa. Sindidziwa chifukwa chake, koma ndinayamba kuika kadontho m'buku pa nambala ya iliyonse imene yamwa. Ndinaimbila adokotala katatu. Foni sinalowe.

Dzuwa lisanalowe ndinauza amuna anga, amene anabwela kudzanditenga pa njinga. Anapalasa mpaka tinadutsa msika.

"Ukanena, atseka makola onse," anatelo. "Palibe ng'ombe idzabwelele kwao, palibe adzagulitse mkaka. Anthu azidzati matenda anabwela ndi bambo, ndipo anawaulula ndi mpongozi wao. Udzalowela khomo liti?"

Kunyumba ndinapeza apongozi aakazi atatisiyila kapu ya mkaka wa m'mawa, yovundikila bwino ndi mbale. Ndinaiika pamwamba pa kabati.

M'mawa mwake ndinafika pa chionetselo mame asanaume. Ng'ombe yofiilila inali itagona, udzu wake osaukhudza. Apongozi, amene anagona komweko pamodzi ndi alimi anzao, anali atakhala pachitsa pafupi ndi geti, akuothela dzuwa. Ndinatseka geti, n'kuimanga ndi waya.

Lole ya ku Nyimba itatulukila, ng'ombe zili pilingupilingu kumbuyo, ndinaima pakati pa mseu, mwana ali kumsana. Dalaivala analiza hutala. Sindinasunthe. Adokotala anatsika.

"Amai, chavuta n'chiyani?"

Ndinkadziwa kuti pachitsa paja akumva.

"Musatsitse ng'ombe," ndinatelo. "Mailo ndinalowetsa yodwala. Ndi ya apongozi anga."

Palibe amene anaseka. Adokotala anafunsa ngati inamwa pamodzi ndi zina. Ndinatsegula buku, n'kuyamba kuwawelengela manambala onse a kadontho, kuyambila pamwamba.