Zitsulo Zopuma za a Katsitsi

Dzina loti Katsitsi analitola kuntchito. Anakalambira pa makina osemera zitsulo, aja amazunguza chitsulo kwinaku kampeni kakuchipala pang'onopang'ono, ndipo munthu akawafunsa ngati ntchito yake yatha, yankho linali limodzi: "Kwatsala katsitsi." Anzawo ankati ngakhale pobadwa anachedwetsa azamba tsiku lonse chifukwa kunali kutatsala katsitsi. Limenelo linali bodza, koma bodza lowakhala bwino.

Anali munthu woti akakonza chinthu chinkagwirana mopyola muyeso. Chitseko cha kubafa anachiikira mahinjesi osema okha, othina bwino kwambiri moti kunja kukatentha chinkakana kutseguka. Mlamu wawo wina anatsekeredwa m'menemo mpaka dzuwa kupendeka, a Katsitsi ali panja kumufotokozera modekha kuti vuto si chitseko, vuto ndi nyengo.

Tsiku lomwe ankapuma pantchito, mnzawo wa kumalo osungunulira zitsulo anawapatsa bokosi lolemera. Munali zidutswa zachitsulo zothiridwa m'zikombole, zakuda, zokhakhala, mchenga udakali m'makona: gudumu lalikulu ngati sosala, tsinde lafulati, kamzati, ndi silinda yooneka ngati kapu yonenepa. Zikasemedwa n'kulumikizidwa zinkayenera kukhala kainjini koyendera nthunzi, kokwana pa tebulo. Mnzawoyo sanakhalitse, anamwalira, ndipo zikombole zake zinatayidwa. Choncho chidutswa chilichonse chinali chomwecho basi, chopanda chinzake. Ukalakwitsa, walakwitsa.

Akazi awo anali telala, mayi wosachuluka mawu amene ankalankhula mapini ali kukamwa. Anasuzumira m'bokosimo n'kufunsa kuti, "Ndiye kakatha kazidzatani?"

"Kazidzazungulira," anatero a Katsitsi.

"Kenako?"

"Kenako kazidzapitiriza."

Mayiwo anagwedeza mutu n'kubwerera ku nsalu zawo. Pa zinthu zonse zomwe mwamuna wopuma pantchito angayambe, iyi inali yosaopsa.

A Katsitsi anapeza makina akale osemera, n'kuwalowetsa m'chipinda chomwe ankagona mwana wawo wamkazi asanakwatiwe. Anachita kuzula felemu ya chitseko kuti alowe. Anthu anayembekeza kumva phokoso sabata yomweyo, koma kunali zii. Amisiri akale a zitsulo ali ndi lamulo lawo: chitsulo chongochoka m'chikombole sachisema. Chimakhala chidakali ndi mkwiyo wa moto m'kati, ndipo ukachipala msanga chimadzapindika pambuyo pake, ntchito yonse n'kupita pachabe. Amachisiya panja kuti chivumbwe ndi mvula, chiwambidwe ndi dzuwa, mpaka mtima utsike. Ambiri amati chaka chimakwana. A Katsitsi ankati chaka ndi cha anthu opupuluma.

Zitsulo zija anazindanda kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanika zovala. M'mawa uliwonse ankapita ndi kahamala, kugogoda chilichonse, kutchera khutu, n'kubwerera akupukusa mutu. "Sizinapse, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Podikirapo sanangokhala. Anasema kachitsulo kogwirira kampeni, kenako kabokosi kosungira kachitsuloko, kenako loko wa kabokosiko. Loko uja anathina, ndipo kabokosiko sikanatsegukenso mpaka lero.

Koma pakhomo pa mayi wanzeru chitsulo sichikhala lova. Gudumu linayamba ndi kuimitsa chitseko cha kukhitchini chomwe chinkamenyetseka ndi mphepo. Tsinde linakwera padenga kukapsinja lata lomwe linkafuna kuuluka. Kamzati kanalembedwa ntchito yopanikiza nsalu mayi akamadula. Mwendo wa bedi utathyoka, silinda inalowa pansi n'kukwana ngati anaiumbira pomwepo. A Katsitsi sanakane. Ankati chitsulo chimapuma paliponse, bola osachisema. Kahamala kankangozitsatira komwe zili, ndipo aneba anazolowera kuona bambo wamkulu ali pa makwerero m'mawa, khutu lili padenga.

Zaka zinapita ndithu. Kenako dzanja lamanja la a Katsitsi linayamba kunjenjemera, lamanzere n'kutsatira. Poyamba kanali kakang'ono, supuni kungogunda kapu kawiri m'malo mwa kamodzi. A Katsitsi anabisa. Manja anasamukira m'matumba. Tiyi anayamba kumwa wosafika n'pakati pomwe pa kapu, ati wodzaza amazizira msanga. Kumeta ndevu analeka, ati lumo la masiku ano n'lachabechabe. Mabatani okha ndiwo ankawazunza m'mawa uliwonse, koma mwamwayi nthawi yomweyo malaya awo anayamba kubwera kochapa ali ndi zipi. Iwo anaganiza kuti ndi fasho yatsopano yomwe mayi akuyeserera pa iwo, ndipo anathokoza Mulungu chamumtima.

Zoona zake n'zakuti zitsulo zija zinali zitapsa kalekale, ndipo a Katsitsi ankadziwa. Kahamala kankalira bwino, koyera, ngati belu. Koma ankachita mantha. Munthu amene moyo wake wonse unali katsitsi ankaopa kuima pa makina, kampeni kali m'kati mwa silinda yopanda inzake, dzanja n'kumuchitira mwano. Chitsulo chinkapuma, mwini wake akutha.

Tsiku lina kunabwera mwana wawo wamkazi uja ndi mwamuna wake. Anakhala pabalaza n'kunena zomwe ana amanena makolo akakalamba: kuti nyumbayi yakula, chipatala chili kutali, ndipo kwawo kuli chipinda chongokhala. Kwawoko kunali pamwamba, m'nyumba zosanjikizana.

"Nanga makina anga?" anafunsa a Katsitsi.

"Adadi, makina aja sangakwere masitepe," anatero mwanayo. "Ngakhale atakwera, angakagwere anthu apansi. Tawapezera kale munthu wowagula. Lole ibwera kumapeto kwa mwezi."

Mkamwini anangoyang'ana pansi, monga amachitira mkamwini wanzeru. A Katsitsi anati zitsulo zikufunikabe nyengo ina imodzi ya mvula. Akazi awo anachotsa pini kukamwa n'kunena kuti, "Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo." Kenako anaibwezera.

M'mawa mwake a Katsitsi anayamba kuitanitsa zitsulo zawo, ndipo nyumba inayamba kuphwasuka. Atachotsa gudumu, chitseko cha kukhitchini chinayamba kumenyetseka tsiku lonse ngati munthu wokwiya akutuluka osamaliza kutuluka. Atatsitsa tsinde, lata linadzuka n'kumapatsa moni aliyense wodutsa mumsewu. Kamzati katachoka, nsalu inatsetsereka pa tebulo ndipo diresi la mayi wina linatuluka mkono umodzi wautali. Silinda itachoka, bedi linapendekera kukhoma, ndipo banja lomwe linazolowera kupatsana misana linayamba kudzuka litaunjikana ngati ana a mphaka. Pa zimenezi palibe anadandaula.

Ankasema atakhoma chitseko. Tsinde silinavute, poti ndi longopala kuti likhale fulati. Kamzati kanatheka. Pa gudumu dzanja linalumpha kamodzi, bowo lapakati n'kupatuka pang'ono, koma anadzinamiza kuti ndi maso. Pisitoni, ndodo yake ndi tizitsulo tina anasema kuchokera ku zotsala zomwe ankasunga m'chitini cha penti. Pansi ponse panadzaza fumbi lakuda lachitsulo, ndipo ndevu zija zinasanduka zotuwa kawiri.

Inatsala silinda. M'kati mwake mumafunika kusalala kuti pisitoni iziyenda osataya nthunzi, ndipo kuti musalale munthu amayenera kupukusa chogwirira cha makina mofanana, osathamanga, osaima. A Katsitsi anaima nthawi yaitali akuyang'ana chogwiriracho. Anayesa kumanga mkono ndi lamba wa thalauza, thalauza n'kugwa. Anayesa kugwira dzanja lina ndi linzake, koma awiri onjenjemera sathandizana. Pomaliza anangoyatsa makina n'kupukusa momwemo, thukuta lili kamukamu.

Atamaliza anaponyamo pisitoni kuti ayese. Inayenera kulowa mokakamira pang'ono. Inangogwera pansi, n'kulira kuti kho. Sikunali katsitsi kumeneko, zinali ndevu zonse. Anakhala pa chitini cha penti manja ali pa mawondo, n'kuwasiya anjenjemere mmene akufunira, poti panalibe wowaona. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anachita manyazi ndi mnzawo wakufa uja.

Komabe kainjini kaja anakalumikiza, chifukwa mmisiri sasiya zidutswa zili mbwee. Anakakulunga m'thaulo lakale n'kukaika pansi pa katoni ya nsapato, ndi cholinga choti kasamuke osaonedwa.

Tsiku la lole, katundu ali panja, makina osemera atatuluka kale ndi felemu yomwe, mayi anatulukira ndi thaulo lija n'kulitambasula pa tebulo, lomwe linali lokhalo lotsala pabalaza.

"Kayatseni," anatero.

"Sikanathe, mayi. Kulibe n'chophikira nthunzi chomwe."

"Ketulo ilipo."

Anabweretsa mbaula, n'kutereka ketulo, pa chivundikiro n'kupsinjapo simbi yositira. A Katsitsi analumikiza kapaipi kuchokera pa mlomo wa ketulo kukafika pa injini, akung'ung'udza kuti nthunzi ya tiyi siingasunthe kanthu. Ankanena zoona: kainjini kothina monga ankathinitsira iwo sikakanagwedezeka n'komwe. Koma aka kanali kokhwepa paliponse. Madzi atawira kanatsokomola, kanalavula timadzi takuda pa malaya a mkamwini, gudumu n'kupendama, n'kubwerera, kenako linazungulira.

Linazungulira ndithu, koma osati mwaulemu monga a Katsitsi ankalotera zaka zonsezi. Kainjini konse kankanjenjemera, nthunzi ikutulukira m'malo omwe sinaitanidwe, ndipo chifukwa cha gudumu lopatuka lija kanayamba kuyenda pa tebulo, kudumphadumpha cham'mbali, kakukoka kapaipi kake. Woyendetsa lole anasuzumira pawindo. Mwana wawo uja anagwira pakamwa.

Mayi anakayang'ana mutu atapendeketsa, monga amayang'anira khanda lachilendo, n'kunena kuti, "Katengera bambo ake."

A Katsitsi anali ataimirira manja ali m'matumba.

"Munadziwa liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Inu mumaganiza kuti zipi amamera yekha pa malaya?"

Nthawi yoyankhira panalibe, chifukwa kainjini kanali katafika m'mphepete mwa tebulo, mbali imodzi ili kale m'malere. A Katsitsi anatulutsa manja onse awiri pamaso pa mwana, mkamwini ndi woyendetsa lole, n'kukagwira pa tsinde. Kanapitiriza kuzungulira m'manja mwawo, kofunda, kakugwedeza mikono mpaka m'mapewa. Panalibe amene akanatha kunena kuti akunjenjemera ndi ndani, munthu kapena injini. Misozi inatsikira m'ndevu, ndipo poti manja anali pa ntchito, sanaipukute.

Patapita kanthawi mwana anati, "Adadi, lole ikudikira. Tizimitse?"

"Idikire," anatero mayi, n'kugwada kuwonjezera makala pa mbaula.