Mpeni wa Mai Lawani

Dzina loti Mai Lawani sanabadwe nalo. Analitola kumsika, pa benchi yawo ya mapichesi, poti munthu ukangocheukako, mpeni unali utadula kale kachibenthu: "Lawani kaye, achimwene."

Kuseri kwa nyumba anali ndi mitengo yobala mapichesi oti ukadula amawalabe mpaka kuweruka. Koma umodzi, wa pafupi ndi bafa, unkawachititsa manyazi. Pichesi lake ukalidula, usanamalize n'komwe moni, lada kale ngati laponderezedwa ndi njinga. Ogula ankabweza dzanja.

"Bambo, mtengo uwu ukundinyozetsa. Mawa ndisauone."

Amuna awo, amene sanatsutsepo kanthu chikwatirire, ananola nkhwangwa. Mlongo wa bambowo anapempha tinthambi kuti akamezanitse kwawo.

"Tengani, alamu," anatero Mai Lawani. "Inu zonyansa zimakukhalani."

Zaka zinapita, kenako kunabwera mvula yamvumbi, ndipo chuku chinalowa m'mapichesi. Kabanga kofewa lero, mawa chipatso chonse chavala ubweya wotuwa. Mitengo yokongola ija inaoletsa zipatso zonse, ili chiimire. Tsono kumsika benchi yopanda katundu sichedwa kupeza mwini wina, ndipo mayi wa nthochi anali atayamba kale kuikapo beseni lake, ati kungopumitsa mutu.

Mai Lawani anameza malovu n'kupita kwa alamu aja. Anapeza nthambi zikuchita kuwerama ndi zipatso.

"Mwapopera chiyani, alamu?"

"Palibe. Ndi ana a mtengo wanu uja. Alangizi a zaulimi akuti chimene chimadetsa pichesi ukalidula n'chomwecho chimene chuku chimadana nacho."

"Ndiye kuda kuja anali mankhwala?"

"Munagwetsa dokotala n'kusiya odwala okhaokha."

Mai Lawani anayang'ana nkhuku, ngakhale nkhukuzo zinalibe mlandu. Kenako anatsitsa dengu pansi.

"Dzazani," anatero alamuwo. "Koma mpeni utsale pano. Musakandinyozetsere katundu."

Benchi anaipulumutsa. Masiku ano akakhala pomwepo, dzanja limangopita lokha m'thumba la epuloni n'kubwerako chabe. Wogula akati, "Mai Lawani, tilawe," amayankha osaphethira: "Mukalawira kunyumba. Ndipo mukadula, musamachezenso."

Mukawafunsa za mtengo wa pabafa uja, amapukusa mutu mwachisoni. Akuti amuna awo anaudula osafunsa munthu.