Madiresi Amene Ndinasoka Mokhota Dala

Aphunzitsi a zosoka a pa koleji ya kufupi ndi kumene ndimakhala ku Daveyton, kuno ku Joni, ndinawadziwa tsiku limene anabwera ndi thalauza yoti ndiwafupikitsire miyendo. Anaimika galimoto pakhomo penipeni pa kontena imene ndimasokeramo, moti makasitomala ankachita kulowa cham'mbali ngati nkhanu. Anali bambo onenepa bwino, a nsapato zosongoka, makiyi akuwazunguza pa chala. Ndili mkati mowayeza anandiuza okha, osafunsidwa, kuti iwo ndiwo mkulu wa maphunziro a zosoka pa kolejipo.

Ndinayang'ana thalauza ija, n'kuyang'ananso mwini wake. Ine kupinda mwendo wa thalauza ndinaphunzira mapazi anga asanayambe kufika bwino pa chopondera cha makina a bambo anga, pa khonde la sitolo ku Ntaja.

"Kodi ku koleji kwanuko makina kulibe?" ndinafunsa m'Chizulu changa chotsimphina.

"Aliko, Mama, atsopanotsopano. Koma panopa tidakali pa za m'buku. Za manja zibwera."

Kolejiyo inali m'makalasi a sukulu ina yakale, ndipo ankapitako ndi anthu akuluakulu amene sukulu anailekera panjira. Chaka chimenecho boma linaipatsa ndalama za thandizo kuti iphunzitse anthu osowa ntchito luso la manja. Pa geti anakhomapo chikwangwani chachikulu chokhala ndi chithunzi cha mtsikana akumwetulira, sizasi ili m'manja, ataigwira mozondotsa. Ophunzira ankapatsidwanso kandalama ka takisi mwezi ndi mwezi, bola asaine m'kaundula kuti abwera.

Nanenso ndinapitako kukayesa mwayi. Kusoka ndimadziwa, koma pepala ndilibe, ndipo mafakitale osoka maovololo ku Wadeville, ngakhale masukulu ofuna mayunifolomu, amafunsa kaye pepala asanaone msoko wako. Mtsikana wa mu ofesi sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Anangoti malo ndi a anthu okhala ndi chitupa cha dziko lino. Apo sindinakwiye. Ndalama n'za kwawo, ndipo ana awo ongokhala m'makona a misewu ndi ambiri. Ndinabwerera ku kontena yanga ndikuganiza kuti ena apindula.

Amene anandiuza zimene zinkachitika mkatimo anali mayi ena a konkuno, okulirapo kuposa ine, amene anagwira ntchito yolongedza katundu m'fakitale ina kwa zaka zambiri mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Amuna awo anamwalira, kunyumba kuli zidzukulu. Iwo analembetsa zosokazo ndi mtima wonse. Masana akaweruka ankaima pakhomo panga n'kumaonerera ndikusoka, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Tsiku lina ndinawapatsa mpando, ndipo anatulutsa kope lawo kundionetsa. Munali chithunzi cha makina osokera chojambula ndi pensulo, mivi ikuloza uku ndi uku, ndi maina a ziwalo zake m'Chingerezi. Tsamba lotsatira, mbiri ya singano. Lina, mitundu ya nsalu, yoloweza pamtima popanda kukhudzako ndi imodzi yomwe.

"Miyezi inayi tsopano, sisi," anatero. "Makinawo tinangowaona ali m'makatoni tsiku limene ankatsitsidwa mu lole. Akuti m'mawindo a kalasi mulibe zitsulo zotchingira akuba. Akuti mawaya a magetsi sanaikidwe. Sabata iliyonse akuti, akuti. Anzathu achinyamata amangobwera kudzasaina n'kumapita."

Patapita masabata angapo aphunzitsi aja anatulukiranso. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto, muli mipukutu ya nsalu, ndipo anatsitsa mawu ngati munthu wofunsira mkazi wa mwini. Akuti akuluakulu a boma amene anapereka ndalama aja akubwera kudzaona zimene ophunzira akwanitsa, ndiye pakufunika madiresi, masiketi ndi maepuloni zoti zikapachikidwe m'kalasi.

"Koma Mama, musasoke bwino kwambiri ayi," anatero. "Pena msoko uzikhota. Kolala ina italike mbali imodzi. Zioneke kuti n'za anthu ongophunzira kumene."

Ndinaseka, poyesa akucheza. Sankacheza. Anali ataziganizira bwinobwino, ndipo mwina n'chinthu chokhacho chimene anachiganizirapo mozama chaka chonsecho.

Ndikanatha kukana, koma sindibisa, sindinakane. Madzulo ndinawafotokozera amuna anga, amene amalondera pa nyumba ina yosungiramo katundu, iwo n'kuti, "Kuno ku Joni tinadzera ntchito, osati kudzakonza dziko la eni. Sokani." Ndinasoka. Koma palibe ntchito inandivutapo ngati imeneyo. Manja ozolowera kuwongola sakhota chifukwa choti wina walamula. Ndinkati ndikangoiwala pang'ono, msoko watuluka wowongoka ngati chingwe, ndiye ndiumasule n'kuyambiranso kuti ndiuwononge. Zipi ndinkaika mopendekeka ndikutukwana chamumtima. Ndinathokoza kuti bambo anga ali kutali, paja iwo msoko ukangopatuka pang'ono ankandikwapula ndi tepi pa dzanja.

Aphunzitsi atabwera kudzatenga katunduyo anatambasula diresi limodzi n'kuliyang'anitsitsa ngati katswiri. "Ili mwalikhotetsa kwambiri," anatero. "Aziti sindiphunzitsa."

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, anandiimbira foni ali wefuwefu. Makina anali atatulutsidwa m'makatoni, magetsi atakokedwa ndi chingwe chachitali kuchokera ku ofesi ya ahedi, koma panalibe wodziwa kulowetsa ulusi. Ndinatseka kontena n'kupitako. Ndinapeza makina okongola, oti ine ndimangowalota, ali pamzere, mapulasitiki akadali m'makosi. Atatu anali atachita dzimbiri chifukwa denga la kumene ankasungidwa linkadontha. Ndinayamba kuthira mafuta, kukulunga mabobini, kumanga singano, kulowetsa ulusi. Aphunzitsi anaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba, n'kumauza ophunzira kuti, "Mukuona? Monga ndinakujambulirani pa bolodi paja." Mayi a kope aja sanachoke pambali panga. Maso awo ankatsatira zala zanga, ndipo makina awiri omaliza ndinawasiyira kuti alowetse ulusi okha. Analowetsadi. Atapondako koyamba, makina n'kulira, anadzidzimuka n'kuseka mpaka misozi.

Ndikutuluka, aphunzitsi anandiimitsa pakhomo. Ophunzira ena anali atasowa kalekale, ndiye mipando ina ikanakhala yopanda anthu. Anandipempha kuti mawa lake ndidzakhale pa mpando umodzi ngati wophunzira.

"Si paja malo ano ndi a anthu a chitupa?" ndinatero.

"N'kwa tsiku limodzi lokha, Mama. Koma musadzayankhule. Chizulu chanucho chidzatigwiritsa."

M'mawa mwake panja panali tenti, mipando yovekedwa nsalu zoyera, ndi miphika ya nyama ikununkhira mpaka kumsewu. Alendo tinawadikira kuyambira m'mawa, anafika dzuwa litapendeka. Anali amuna awiri a masuti ndi mayi mmodzi wa nsapato za gogoda, amene ndiye anali mkulu wawo. Atangoponda m'kalasi, aphunzitsi anakweza dzanja ndipo aliyense anaponda makina ake. Phokosolo linali lokoma ndithu. Ambiri ankangoboola tinsalu ndi singano zimene ulusi unali utatulukamo kale, koma ndani anawerama kuti aone?

Mayi wa boma uja anayenda m'mbali mwa khoma mmene munapachikidwa madiresi anga, lililonse ataliika kapepala ka dzina la wophunzira. Anagwira kolala yotalika mbali imodzi n'kugwedeza mutu mwachifundo. "Zikuoneka kuti akuyesetsa," anatero. Kenako anafika pa ine. Ndinali ndikusoka thumba la epuloni, ndipo apo mphamvu zonamizira zinali zitandithera. Anaona msokowo n'kufunsa dzina langa. Ndisanatsegule pakamwa aphunzitsi analumphirapo.

"Ameneyu ndi wamanyazi, koma ndiye amene timamunyadira. Anabwera kuno asakudziwa ngakhale kugwira sizasi."

Anatijambula chithunzi, dzanja la aphunzitsi lili paphewa panga. Apo mayi a kope aja anaimirira, mkono uli m'mwamba ngati mwana wa sukulu. "Pepani amayi, ndili ndi pempho." Asanapitirize, aphunzitsi anayambitsa nyimbo yothokoza alendo, akuomba m'manja mwamphamvu, ndipo ophunzira anavomera. Mayi wa boma anamwetulira, anayang'ana wotchi yake, n'kulunjika ku tenti. M'kalasimo anakhalamo nthawi yochepa kuposa imene anatha posankha nyama yoika pa mbale yake. Asanadye anayankhulako pa zokuzira mawu, kuti zimene waona zamukhudza mtima, kuti umphawi tsopano wapeza wougonjetsa. Ine nyamayo sindinaidye poti sindinkadziwa amene anazinga. Ndinangomwa chakumwa chozizira n'kumaonerera anthu akuombera m'manja bodza limene ndinasoka ndi manja anga.

Pobwerera ndinawafunsa mayi a kope aja chimene ankafuna kunena. Ndinkayesa ankafuna kuulula zonse. Ayi. Ankangofuna kupempha kuti makinawo asabwezedwe m'makatoni.

Sanabwezedwe m'makatoni, zoona. Anangotseka chitseko cha kalasi ndi loko, akuti kudikira mawaya. Kumapeto kwa chaka kunali mwambo wa masatifiketi, ndi mikanjo yakuda yobwereka ndi zipewa zake. Mayi aja anatenga pepala lawo n'kupita nalo ku fakitale ina ya maovololo ku Wadeville. Kumeneko anawakhazika pa makina n'kuwapatsa zipi kuti aike. Anafika kwa ine chakumadzulo, atavalabe zovala zawo za ku tchalitchi zimene anapitira kofunsira ntchitoko, ndipo anakhala pa mpando.

"Kapitawo anandifunsa ngati pepalali ndachita kugula," anatero. "Pamaso pa atsikana oti ndingawabale, sisi."

Pakona ndinali ndi makina ena akale oponda ndi phazi, amene ndimasokera magetsi akazima. Ndinachotsapo milu ya nsalu n'kuwauza kuti abwere mawa. Tinayamba ndi mizere yowongoka pa nyuzipepala, popanda ulusi. Sanali ofulumira kugwira zinthu, ndipo ine si munthu woleza mtima. Tinkakangana. Tsiku lina anachoka atakwiya chifukwa ndinawamasulitsa mkono wa malaya kanayi, n'kujomba masiku awiri. Koma anabweranso, atanyamula mabanzi. Nyengo yozizira isanathe anali akuika zipi. Lero tikusokera limodzi mayunifolomu a sukulu ina ya mkaka. Iwo amapita ndi pepala lawo kukatenga ntchitoyo, n'kudzagawana nane kuno.

Chaka chotsatira chikwangwani cha pa geti chinasintha. Ndalama zatsopano za boma zinali za maphunziro ophika buledi ndi makeke, ndipo mkulu wa maphunzirowo anali bambo omwe aja. Tsiku lina anafika pa kontena kudzafunsa ngati pakati pa anthu a kwathu pali wodziwa kuphika masikono. Alipo, mlamu wanga amaphikira mabwana ake ku Alberton, koma ndinati sindikudziwa aliyense. Kenako anaona mayi aja ataweramira makina, akumaliza kasiketi.

"Awanso ndi a ku Malawi?" anafunsa.

"Ndinali m'kalasi mwanu chaka chonse, mpando wa kutsogolo," anayankha mayiwo, osadzutsa mutu.

Nkhope ya aphunzitsi inawala. Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni. "Mwaona! Tayang'anani kuno pang'ono, Mama, ndikujambuleni. Akuluakulu amafuna kuona ophunzira athu amene anayamba mabizinesi."

Mayi aja anadula ulusi ndi mano, anatembenuza mpando mpaka msana unaloza kukhomo, n'kundipempha kuti ndiwapatsire choko.