Dothi la m'dimba mwanga linapita ku Blantyre

Chaka chimene anabwera ana a sukulu aja n'kuti nditangowokera tomato m'dimba mwanga, kumunsi kwa Matope. Dimbalo ndi laling'ono, koma ndi limene limatigwira chimanga chikatha m'nkhokwe. Tsiku lina m'mawa ndikuthirira, ndinangoona minibasi yaima pamsewu, mukutuluka ana a yunifolomu, nsapato zoyera mbee, ena atanyamula mabotolo, ena timakasu tonga toseweretsa.

Patsogolo pawo panali mayi wina wa magalasi. Anandilonjera mwaulemu ndithu, nati iwo ndi aphunzitsi a kukoleji, anawo ndi a sekondale ya m'tauni ku Blantyre, awatenga kuti adzagwire ndi manja zimene amangoziwerenga m'mabuku.

"Agogo, timapempha tiyeze nawo m'dimba mwanumu."

Mawu akuti kuyeza aja sanandisangalatse. Ine kuyeza ndimakudziwa. Kwa achemwali anga kunabwera anthu kudzayeza, chaka chisanathe achemwali anasamutsidwa.

"Mukayeza, ine ndizikalima kuti?"

"Ayi agogo, sitiyeza malo. Tiyeza dothi."

"Nanga malo si dothi?"

Ana aja anaseka. Mtsikana wina wamtali anagwada pafupi nane. "Agogo, tingotapako pang'ono, ngati mmene amatapira magazi kuchipatala."

"Kodi dimba langa ladwala?"

"Sitikudziwa. N'chifukwa chake tikufuna tiyeze."

Ndinalola, ngakhale mutu sunagwire. Anakumba timaenje pakati pa mizere. Atatulukira nyongolotsi, ena anathawa akukuwa, koma aphunzitsi aja anawabweza kuti aziwerenge. Kuwerenga nyongolotsi, eti! Ine ndakalamba ndikuzidula ndi khasu, sindinafunsepo kuti zilipo zingati.

Nditaona mtsikana uja akutsekera dothi m'botolo, ndinamuyandikira. Kwathu kuno munthu akatapa dothi m'munda mwako timadziwa kuti akufuna kukawa, zokolola zako zikatuluke m'munda mwake. Ine ndine wampingo, komabe dimba ndili nalo limodzi lokha. Ndinagwira botolo lija.

"Dothili lipite, koma libwerere."

"Libwerere, agogo?"

"Lomweli. Osati lina."

Aphunzitsi aja anati libwerera. Iwo atapita, ndinazika kamtengo pa dzenje lililonse kuti ndisaiwale pamene linachoka.

Masabata otsatirawo masamba a tomato anayamba kuchita chikasu. Mwina amatero chaka chilichonse, koma chaka chimenecho ndinkawayang'ana tsamba ndi tsamba. Ndinkaganiza kuti kwinakwake ku Blantyre, kuseri kwa nyumba ya njerwa, tomato wanga akubereka.

Mwezi utatha, minibasi ija inaimanso. Mtsikana uja anatsika ndi botolo ndi pepala.

"Agogo, dothi lanu ili. Talipeza kuti ndi lowawasa."

Apo ndiye ndinasokonezeka kwenikweni. Ine dothi ndinalidya pa mimba zanga zonse, kukoma kwake ndimakudziwa. Ndinatsegula botolo, kutapa ndi chala, kulawa.

"Iwe mwana, ili likuwawasa pati? Tamva."

Anayang'ana anzake, anatseka maso, nanyambita. Analavula mpaka misozi. "Madamu, nanenso sindikumva kuwawasa. Ndi mchenga basi!"

"Wa m'tauni wadya dothi!" anzake anakuwa.

Aphunzitsi aja, akupukuta magalasi chifukwa cha kuseka, anati kuwawasa kumeneko lilime silimva, imamva ndi mizu. Anati ndizithira phulusa pang'ono ndi manyowa.

"Phulusa lomwe ndimataya kuseri kwa khitchini?"

"Lomwelo, agogo."

"Ndiye dothi linapita mpaka ku Blantyre kukafunsa za phulusa?"



Dothi linabwerera lochepa, louma, lotuwa. Kuti linali langa kapena ayi, sindingalumbire. Ndinaligawa pa maenje onse aja, n'kuzula timitengo. Phulusa ndinathiranso, poti n'lomwe ndinali nalo kale.

Tomato anabereka mpaka ndinanyamula wina kupita naye ku Zalewa. Wondisamutsa sanabwere. Koma mpaka lero sindidziwa chimene chinachiritsa dimba langa, phulusa kapena kubwerera kwa dothi. Pepala lija ndinalisomeka kudenga, poti kuwerenga sinditha. Pena ndikamathirira ndimalawabe dothi pang'ono, ndipo silinandiwawasepo.