Ukabwere ndi kholo lako

Lachiwiri lapitali, ndikuchokera ku Goliati kogula kabichi, ndinaona munthu akusesa bwalo la basiketibolo la pakoleji yathu yakale, ija ili m'mphepete mwa minda ya tiyi. Kunali kachiperoni. Poyamba ndinayesa mlonda, koma nditaona wezulo ili lende pachifuwa ndinaimitsa njinga. Anali a Nakoma.

Kwa inu amene simuwadziwa, a Nakoma ndi aphunzitsi amene anatiphunzitsa masewerawa tonse a kuno. Ankatenga mwana wa mayi wothyola tiyi, woti mpira wa basiketibolo sanaugwirepo chibadwire, n'kumusandutsa katswiri. Ine ndiye ndinawakanika. Kuthamanga ndinkathamanga, koma mpira wanga ndi ling'i yoponyeramo mpira zinali pa udani. Miyezi itatu yapitayo timu ina yaikulu ya ku Blantyre, mwa zija osewera ake amalandira malipiro, inawatenga kuti akakhale kochi, ndipo tinawaperekeza ndi nthungululu.

Nanga Lachiwiri masana akufunanji kuno ndi tsache?

"Iwe, tatsika apo," anatero. Imvi zandiyamba, komabe kwa a Nakoma ndidakali "iwe", ndipo ndinatsika mwachangu ngati ndachedwa kalasi.

Nkhani yake inali iyi. Kaputeni wa timu yawo yatsopanoyo, Limbani, bambo wa ana awiri, anachedwa ku pulakatisi katatu motsatizana. Ulendo wachitatuwo a Nakoma anaimba wezulo, timu yonse inaima, ndipo mawu amene akhala akuuza ana asukulu moyo wawo wonse anangotuluka okha: "Iwe, tuluka. Ukabwere ndi kholo lako."

Limbani anaika mpira pansi pang'onopang'ono. "Bambo anga ali kumanda ku Thekerani. Mukawatenge nokha." Anatuluka, anzake onse n'kumutsatira. Eni timu anauza a Nakoma kuti pofika Lachisanu osewerawo akhale atabwerera pabwalo, apo ayi ntchito yatha. Ku koleji kuno nakonso malo awo anaikapo kale wina. Choncho bambo wamkuluyu amasesa bwalo loti si lakenso, chifukwa analibe kwina koti akaganizire.

"Ndalakwa chiyani ine?" anandifunsa. "Mwana akachedwa umatani?"

"Aphunzitsi, ujatu si mwana."

Anangopitiriza kusesa pamalo poti asesa kale, ndipo ine chisoni chinandigwira.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kugwedeza mitu. Mukuti: tinkanena ife, kochi wa ana asukulu azikhala kusukulu, ligi yaikulu ili ndi eni ake. Mawu amenewa ndawamva m'minibasi, ndawamva pa wailesi, ndipo amene amawanena mokweza kwambiri nthawi zambiri ndi oti sanaphunzitsepo ngakhale mwana mmodzi kudunda mpira.

Komabe sindikana kuti ntchito ziwirizi n'zosiyana. Pa esiteti pano aliyense amadziwa kuti wosamalira mbande ku nazale ndi wodulira tiyi wokhwima sagwira mpeni mofanana.

Taganizani mmene zinalili pakoleji. Hositelo inali pafupi ndi bwalo, poti ukhoza kuponya mwala n'kufika. Belu likalira aliyense amadziwa koyenera kukhala. Wophunzira akachedwa, chifukwa chake chinali chimodzi basi, ulesi, ndipo a Nakoma sankataya nthawi n'kufunsa. Ankakuthamangitsa mtunda wa m'munda wa tiyi mpaka ukafike pa mtengo wa bulugamu, ukabwerezanso n'kukuitanitsa kholo. Kholo likabwera linkawathokoza. Mayi anga anafika powauza kuti, "Mukamuonjezere, aphunzitsi, kunyumba samvanso ameneyu."

Ku Blantyre kulibe belu. Wosewera amachokera kuntchito, amalimbana ndi minibasi za ku Limbe, kunyumba kuli mkazi ndi ana. Samuopa kochi, ndipo ena mwa iwo anthu amawadziwa kuposa kochiyo. Pakoleji ana amabwera n'kupita, mphunzitsi n'kutsala. Kutimu yaikulu amene amatsala ndi osewera, kochi ndiye amalongedza.

Ndiye tinene kuti a Nakoma sangathe? Apa m'pamene ndimasiyana nanu. Osewera onse amene mumawaimbira m'manjawo anagwa kumwamba? Aliyense wa iwo ali ndi a Nakoma ake kwinakwake, mphunzitsi amene ankasoka mpira wobooka ndi kumangirira ling'i ndi waya. Masewerawo amawadziwa. Chimene sadziwa ndi chinthu chimodzi chaching'ono, choti palibe anawaphunzitsapo chifukwa kusukulu sichinkafunika: kufunsa. Ndipo paja amati safunsa anadya phula.

Eni matimu nawo ndiwafunseko. Mukamatenga munthu kusukulu mumamuuza chiyani? Mumangomupatsa wezulo ndi jekete, n'kukhala patali kudikira kuti apunthwe. Wosewera watsopano mumamupatsa chaka chathunthu kuti azolowere. Kochi mumamupatsa mpaka Lachisanu.

Tibwerere pabwalo paja. A Nakoma atatopa ndi kusesa anatsamiritsa tsache pa mzati. "Kwathu kuno munthu wamkulu sapita yekha kokapepesa," anatero, maso ali kumbali. "Mungandiperekeze?"

Aka kanali koyamba kunditchula "inu" chidziwirane.

Lachinayi tinakwera minibasi mpaka ku Bangwe kumene Limbani amakhala. Tinanyamula paketi ya tiyi ndi kabichi wanga wa ku Goliati uja. Tinamupeza pakhonde akutsuka kontena ya chakudya, kamwana kali kumsana. Anatipatsa mipando, moni n'kutha. Ine monga mperekezi ndinayamba kuyala nkhani mozungulira, koma a Nakoma anandidula.

"A kaputeni, ndinalakwa. Za bambo anu sindinkadziwa. Pepani."

Limbani anawayang'ana. Kenako anandiloza ine ndi mutu. "Ndiye kholo lanu ndi awa?"

Tinaseka tonse, a Nakoma mpaka kupukuta m'maso, ndipo sindikhulupirira kuti yonseyo inali misozi ya kuseka.

Ndipamene Limbani anafotokoza. Mkazi wake ali kuchipatala, kuchidikiro, ndipo mimba yake ikuvuta. Akaweruka kuntchito amathamangira kunyumba kukaphika, kukasiya chakudya kuchipatalako, kenako n'kumasaka minibasi yopita kubwalo. Timu yonse inkadziwa zimenezi. Amene sankadziwa ndi kochi yekha.

"Kochi, mukanangondifunsa," anatero Limbani.

"Kusukulu sitifunsa, achimwene," anayankha a Nakoma motsitsa mawu. "Timangolanga."

Dzulo Lachisanu ndinapita kukaonera pulakatisi, chifukwa mtima sukanandilola kukhala. Osewera onse anabwera, kupatula mmodzi. Mkulu wina wa timu anali chiimire pakhomo, akuyang'ana wotchi. Patapita kanthawi Limbani analowa akuthamanga, nsapato zili m'manja, atachedwanso. Mipira yonse inasiya kudunda. Aliyense maso anali pa wezulo ya a Nakoma, ndipo ndinaona dzanja lawo likukwera lokha kupita pachifuwa, monga lakhala likuchitira zaka zonsezi. Linafika pa wezulo n'kuima.

"A kaputeni," anatero, "mayi aswera bwanji kuchipatala?"

"Aswerako bwino, kochi."

"Chabwino. Valani nsapato, anzanu akudikira."

Ngati timuyi ipambane masewero a mawa, ine sindikudziwa. Mwina eni ake adzawachotsabe a Nakoma mwezi wamawa, inu n'kudzati tinkanena ife. Koma ine ndinaona mphunzitsi wa imvi akuphunzira m'masiku atatu chinthu chimene mabwana ambiri amapuma pantchito asanachidziwe. Inu amene muli ndi anthu pansi panu, kaya ndinu kapitawo wa m'munda wa tiyi kaya bwana wa mu ofesi, munthu wanu atachedwa sabata ino munayamba n'chiyani, wezulo kapena funso?