Mbewu Zathu Pansi pa Khola la Mbuzi

Ndili mtsikana ndinali ndi mbiri yoipa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Chiputo. Sindinkaba, sindinkatukwana akuluakulu, koma kukhala pakhomo kunkandiwawa ngati ndakhalira minga. Akandituma kukatunga madzi m'mawa, ndinkabwera dzuwa litapendeka, mtsuko uli theka, m'kapulana, nsalu yanga yovala, muli masau, m'mawondo muli zilonda. Kusikola aphunzitsi ankadziwa dzina langa kuposa nkhope yanga. Ndinkadziwa mlambe uliwonse, phanga lililonse ndi mitsinje youma yonse kuyambira kwathu mpaka kumapiri. Amayi ankadandaula kuti palibe mwamuna amene adzandifunsire ukwati, koma ine zimenezo sizinkandisowetsa tulo.

Nkhondo ya Apwitikizi inatha ndikuyendabe wopanda chovala, ndiye sindingainene. Imene inandipeza maso ali otseguka ndi yachiwiri ija, ya tokhatokha. Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, amfuti a m'tchire anatentha midzi iwiri yoyandikana nafe, ndipo ife sitinadikire kuti atiuze kachitatu. Tinathawira kumapiri titangomaliza kukolola, aliyense ndi katundu wokwana mutu wake.

Tisananyamuke, ababa anachita chinthu chanzeru. Anatenga mtsuko waukulu, nathiramo mbewu za chimanga, mapira ndi nzama, kusakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Anavundikira ndi phale, kumata ndi dothi, n'kuukwirira pansi pa khola la mbuzi. Ankati tidzabwerera mwezi usanathe, ndiye palibe chifukwa chosenzera mbewu kukwera nazo phiri.

Mwezi unatha, wina unatha, mpaka isanu. Chakudya chimene tinanyamula chinatha, tinayamba kukhalira malambe, mizu ndi mbewa. Anthu analambula timinda m'mbali mwa kamtsinje ka kumapiriko, ifenso tinalambula kathu. Kenaka inagwa mvula ya chizimalupsa, mitambo inayamba kuunjikana masana alionse, ndipo ife tinalibe njere ngakhale imodzi yoti tiike m'nthaka. Tonse tinkadziwa kuti tikapanda kubzala chaka chimenecho, ang'ono anga atatu sadzaona chinacho.

Ababa ananena kuti apita okha kukafukula mtsuko uja. Amene anawaletsa ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, mkazi wamasiye wowonda ngati nsungwi, wosuta ndudu moto uli m'kamwa. Pakamwa pawo panalibe chitseko, ndipo ababa, pokhala mkamwini, ankawaopa kuposa mfuti.

"Inu alamu, khalani pansi," anatero. "Mwamuna akakumana ndi atropa, asilikali a boma, amufunsa kuti uli mbali iti. Akakumana ndi a m'tchire amufunsanso chomwecho, ndipo yankho lolondola kulibe. Ndipita ine. Mundipatse kamtsikana kanu kosakhazikika aka, kuyendayenda kwakeko kagwireko ntchito lero."

Amayi analira, koma ine mumtima ndinkavina. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anthu ankandipempha kuti ndichoke pakhomo.

Tinanyamuka m'bandakucha ndi kakhasu kamodzi ndi kapulana wapadera. Njira za anthu sitinaziyerekeze n'komwe chifukwa cha mina, mabomba okwirira aja amene sasankha phazi. Ndinawadutsitsa amayi aakulu pamiyala, mumchenga wa mitsinje youma ndi m'tinjira ta nguluwe, poti pamene padutsa nguluwe dzulo osaphulika, munthunso adutsa. Iwo ankanditsatira kumbuyo akung'ung'udza njira yonse.

"Iwe, iyi ndi njira kapena chilango? Kodi amako anakubereka ndi nyani?"

"Mukafuna msewu uli uko, amayi aakulu," ndinayankha. "Ndi wosalala bwino."

"Tseka pakamwa, yenda."

Tinafika dzuwa lili pamutu, ndipo mudzi sitinaupeze. Panali chipululu chakuda, nyumba zonse zitapsa, moto wa lupsa utamalizitsa zotsala. Ndinaima pamene ndinkaganiza kuti panali pakhomo pathu, koma sindinathe kusiyanitsa pathu ndi pa anzathu. Chisangalalo changa chonse chinathera pomwepo. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo manyazi anandigwiranso, poti ine wodziwa tchire lonse ndinasochera kwathu.

Amayi aakulu sanalire. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka analoza ndi mlomo.

"Ukuona zobiriwirazo? Pagona tonde padzinunkha. Bonongwe samera monenepa chotero pachabe, pamenepo panali makola."

Zoonadi, pakati pa phulusa lonselo panali timagulu titatu ta bonongwe wanthete, amene anamera pandowe za mbuzi mvula ija itagwa. Vuto linali kudziwa kuti lathu ndi liti. Ine ndinati lakumanzere, iwo anati lapakati, ndipo pokhala aakulu anapambana. Ndinakumba mpaka khasu linagunda chinthu cholimba. Titafukula tinapeza dengu lodzaza mbale zachitsulo, zamaluwa ofiira, za mayi wina woyandikana nafe. Zikuoneka kuti nzeru ya ababa ija inali ya mudzi wonse.

"Ha! Taona mfiti iyi!" anakuwa amayi aakulu, kuiwala kuti tili pankhondo. "Pamaliro a amuna anga anati alibe mbale. Khumi ndi ziwiri izi! Kwirira, ndikamufunsa bwino kumapiri."

Ndinaseka mpaka misozi. Tinakwirira, n'kupita kumanzere kuja, ndipo sindinalephere kuwakumbutsa kuti ndinanena. Mtsuko wathu unali momwemo, dothi lomata lija lisanang'ambike. Titatsegula, chimanga chinali choyera, chouma, chosafumbwa ngakhale njere imodzi.

Ine ndinali wokonzeka kusenza mtsukowo n'kuuyamba ulendo, koma amayi aakulu anandigwira mkono. Anayala kapulana wapadera uja, nakhuthulirapo pafupifupi chimanga chonse ndi mapira, n'kumanga phukusi lalitali. Nzama anaziika m'kachikho kamene anatola pabwinja, natsekera ndi udzu kuti zisachite phokoso. Kachikhoko anakaika pamwamba pa phukusi, kukaveka duku lawo, kenaka anandibereketsa zonsezo kumbuyo ndi kapulana wanga. Mumtsuko anabwezeramo phulusa, kuonjezera lina la pabwinjapo mpaka kudzaza, ndipo pamwamba anawazapo chimanga chokwana manja anayi.

"Kuyambira pano ndiwe ntchembere," anatero. "Mwana wako akudwala. Uziyenda ngati mayi, osati kudumphadumpha ngati mbuzi."

"Nanga phulusalo mukulisenzeranji?"

"Galu ukakumana naye umamuponyera fupa. Usandifunsenso."

Pobwerera ndinayesetsa kuyenda ngati mayi, ndipo amayi aakulu ankandinyoza kuti mwanayo adzakula ndi khosi lokhota. Ankandiphunzitsa kumugwedeza, kumusisita kumatako ndi dzanja limodzi, ndi kumuyankhula osatembenuka. Tinkaseka ngati tikuchokera kuukwati. Mwina n'chifukwa chake sitinawamve, poti tsoka silinunkha.

"Para! Imani pomwepo!"

Anali atatu, atakhala pamthunzi m'mphepete mwa mtsinje wouma, mfuti zili pamiyendo. Anali a m'tchire. Wamkulu wawo anavala bulauzi ya chizimayi ndi magalasi akuda a diso limodzi, ndipo tsiku lina ndikanaseka. Tinaima pomwepo. Anatsitsitsa mtsuko, nachotsa phale, ndipo ataona chimanga anamwetulira.

"Velya, senza. Ukatitulira kumsasa kwathu," anatero wamagalasi uja kwa amayi aakulu, kuwatchula nkhalamba m'Chipwitikizi.

"Velya ndi amako," anayankha amayi aakulu. "Izi ndi mbewu, mwana iwe. Ukadya mbewu, chaka chamawa udzalanda chiyani?"

Awiri aja anaseka, koma wamagalasi sanaseke. Anandiyang'ana ine kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mayang'anidwe amene ndinali ndisanawaonepo koma ndinawamva tanthauzo lake nthawi yomweyo. Anati nanenso nditsagane nawo, ndipo anayamba kuyandikira kuti aone mwana.

"Eya, mtengeni," anatero amayi aakulu mosatekeseka. "Mwanayo ali ndi chikuku, chatha kale ana awiri kwathu. Muvundukule umuone bwino, ukagawireko anzako kumsasa."

Munthu uja anaima. Ine, osadziwa kuti nzeruyo yachokera kuti, ndinayamba kugwedeza phukusi lija n'kumati, "Tonthola, tonthola, mwanawe," mawu akunjenjemera zenizeni. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, nalavula, n'kundikupiza ndi dzanja ngati ntchentche. Amayi aakulu anadzisenzetsa okha mtsuko uja. Sanandiyang'ane kumaso.

"Pita, iwe," anatero. "Mwanayo usamutsitse mpaka ukafike kwa amako. Wamva?"

"Ndamva, amayi aakulu."

Ndinayenda osatembenuka. Nditakhota pagomo loyamba m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, ndipo ndinazindikira chimene iwo ankachidziwa kale pamene ankadzaza mtsuko uja. Anthu aja akakafika kumsasa adzapisa dzanja, adzapeza phulusa, ndipo wosenza phulusayo adzakhala ali pomwepo pamaso pawo. Ndinafuna kubwerera, kukawapatsa chimanga chonse kuti awamasule. Ndinaimadi, n'kutembenuka. Koma kumbuyo kwanga kunali kolemera, ndipo ndinaganiza za ang'ono anga atatu. Ndinapitiriza ulendo ndikulira, ndipo ndinadzidzimuka kupeza kuti ndikugwedezabe phukusi lija ngakhale panalibe wondiona.

Ndinafika kumisasa yathu ya kumapiri dzuwa likulowa. Anthu anathamangira kudzaona mwana amene ndatola, ndipo amayi atamasula kapulana, chimanga chinakhuthukira pamphasa. Akazi anayamba nthungululu, koma inafera m'kamwa ataona kuti kumbuyo kwanga kulibe munthu. Ndinafotokoza zonse ndekha, pamaso pa akuluakulu, ndipo palibe anandiuza kuti mwana sayankhula pabwalo. Ababa anagwira mutu ndi manja awiri.

Mvula yeniyeni inagwa patapita masiku anayi. Mng'ono wanga wotsiriza analirira chimanga kuti timukazingire, ndipo ndine ndinamumenya dzanja, ine amene kale ndinali woyamba kuba zokazinga. Tinabzala kamunda kathu, n'kugawirako mabanja ena anayi pang'onopang'ono, kuphatikizapo mayi wa mbale uja. Chimanga chinamera bwino. Tsiku lililonse ndinkapita kumundako m'mawa, ndipo maso anga ankakhala kunjira yochokera kumtsinje kuposa pamizere. Patatha mwezi anthu anayamba kunong'ona zoti tichite mwambo wa maliro, koma amayi anakana.

Chimanga chitayamba kumasula ngaiyaye, tsiku lina ndikupalira ndekha ndinamva kutsokomola kumapeto kwa munda. Panaima munthu wovala chiguduli cha thumba, mapazi otupa, tsitsi litayera mbali imodzi. Ndinawazindikira ndi kaimidwe kokha, manja m'chiuno. Sanapite kumisasa kukaonana ndi anthu, anayamba ndi kumunda.

"Ndani anabzala muno?" anafunsa.

"Ine ndi ababa," ndinayankha, khasu litagwa m'manja.

"Zinayi phando limodzi? Mbewu zanga zimene zija, mukumwaza ngati za boma?"

Ndinawathamangira n'kuwakumbatira, ndipo anali mafupa okhaokha. Pamene ankandikankha kuti ndiwasiye, ndinaona kuti mano awo anayi akutsogolo kulibe, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zinapola zitakhota. Mtima unandipweteka kuposa tsiku lija kumtsinje.

"Amayi aakulu, atapeza phulusa lija anakutani?"

Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anayang'ana chimanga. Sanandiyankhe tsiku limenelo, ndipo sanadzayankhe mpaka imfa yawo, patapita zaka zambiri nkhondo itatha. Anawerama movutikira, natola khasu langa, n'kundipatsa.

"Udzu wakula uko," anatero. "Kapalire."

Ndinapalira misozi ikugwera pakhasu. Iwo analowa m'munda pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, akugwira tsamba lililonse ndi dzanja lawo lopunduka lija.